Mnzathu akagwa pabwalo la mpira, tisathamangire kwa sing'anga

Achinyamata anzathu, ambiri timakumbukira Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon, amene anagwa pabwalo ku Lyon mu 2003 n'kumwalira. Mu 2021 Christian Eriksen wa ku Denmark anagwanso chimodzimodzi ku Copenhagen, koma iye anapulumuka chifukwa anthu anamupsinya pachifuwa msanga ndi kumudzidzimutsa mtima ndi makina a magetsi.

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ndipo ziwiri zam'munsi ndi zimene zimapopa magazi. Zipindazi zikayamba kugunda mothamanga kwambiri kapena kungonjenjemera, magazi safika ku ubongo ndipo munthu amakomoka nthawi yomweyo. Izi ndi matenda, si ufiti ayi.

Nkhaniyi ikukhudzanso ife amene timalimbana ndi Edzi. Kachilombo ka HIV kakasiyidwa osamwera mankhwala kamatha kufooketsa mtima. Kutsegula m'mimba kwa nthawi yaitali kumachotsa mchere wa potaziyamu umene umathandiza mtima kugunda bwino. Mankhwala ena a chifuwa chachikulu chosamva mankhwala, monga bedaquiline, amafuna kuti mtima uziyezedwa ndi makina a ECG. Choncho mukamamva mtima kugunda modumphadumpha, chizungulire kapena kukomoka, musasiye ma ARV mwa inu nokha. Pitani kuchipatala cha Nthalire mukafotokoze, ndipo tchulani mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale a zitsamba.

Chithandizo chilipo. Madokotala amabwezeretsa mchere m'thupi, amapereka mankhwala monga amiodarone, ndipo ena, monga Eriksen, amaikidwa kachipangizo pachifuwa. Komabe kuchokera kuno kukafika ku Chitipa kapena ku Mzuzu ndi kutali, makamaka m'nyengo ya mvula, pomwe ubongo umayamba kuwonongeka pakangopita mphindi zochepa.

N'chifukwa chake tikuti makalabu athu aphunzire kupsinya pachifuwa. Mnzathu akagwa, osayankha, osapuma bwino, mmodzi athamange kukaitana thandizo. Wina aike manja ake pakati pa chifuwa ndi kupsinya mwamphamvu ka 100 mpaka 120 pa mphindi imodzi, osaleka, tizisinthana tikatopa. Osamuthira madzi kapena kumumwetsa kanthu.

Tinaphunzira kukamba za kondomu ndi kuyezetsa magazi popanda manyazi, ndiye izinso tingathe. Pa msonkhano wathu wotsatira, tiyeni tiitane azaumoyo adzatiphunzitse.