Spark Isamatunge Mwacindunji m'Mabuku a Ndalama

Makampani ambili lelo amasunga mabuku a ndalama pa intaneti, m'mapulogilamu monga Xero na QuickBooks Online. Ife ogwila nchito ya data timakopeka kulumikiza Apache Spark mwacindunji ku mabukuwo, kuti abwana akafunsa za malonda, yankho libwele pomwepo. Tiyeni tileke cizolowezi cimeneci.

Spark imagawa nchito m'zigawo zambili zimene zimayenda nthawi imodzi, ndipo ciliconse cingapite cokha kukapempha ma invoice. Koma Xero imalola pulogilamu kupempha ka 60 cabe pa mphindi ku mabuku a kampani imodzi. Tikapyola apo, imakana na nambala 429. Lipoti limaima, uku tsiku la 18 lotumiza VAT ku ZRA likuyandikila. Kuthamanga si kufika.

Palinso vuto lina. Masana akauntanti amakhala akulemba na kukonza. Cigawo cina cikaŵelenga invoice isanakonzedwe, cina n'kuŵelenga itakonzedwa, ziŵelengelo sizigwilizana, ndipo amene amafunsidwa ni akauntanti.

Njila yabwino ni kukopela kamodzi usiku, kutenga zokhazo zimene zasintha, n'kuzisunga m'mafailo a Parquet. Spark ifunse kopeyo mmene ifunila. Pulogilamu yokopela ipatsidwe cilolezo coŵelenga cabe, ndipo m'maŵa tiyelekezele ziŵelengelo na trial balance.

Abwana adzaona za dzulo, n'zoona. Koma zidzakhala zimene akauntanti angasainile popanda mantha.