Galimoto yothamanga yomwe bwana watopa nayo si mphatso kwa wantchito

Aliyense amene amayenda mumsewu wa Church ku Mayfair kapena kudutsa ku Fordsburg tsiku Loweruka amaziona: Golf GTI, BMW, Audi S3, zopukutidwa bwino, mtengo wolembedwa pagalasi. Zina zimagulitsidwa m'mabwalo a ogulitsa galimoto, zina pa Facebook, ndipo zina amagulitsa ndi olemba ntchito eniake kwa wantchito wa m'nyumba kapena wa kumunda, ndi mawu okoma akuti "uzingondipatsa pang'onopang'ono." Zambiri mwa izo zayenda makilomita oposa 200,000. Ine ndikuti malonda amenewa, momwe amachitikira pakati pathu, ndi njira yosamutsira mavuto a anthu olemera kuwaika pamsana pa osauka, ndipo tiyenera kuwakana.

Sindikunyoza munthu wofuna galimoto. Amene wakhala zaka khumi akudzuka usiku kukadikira takisi, amene amanyamula katundu pamutu ku Park Station popita kumudzi, ali ndi ufulu wolakalaka kufika pakhomo pa amayi ake ku Mangochi kapena ku Mzimba akuyendetsa yakeyake. Olalikira kuti wosauka asamafune zabwino sindigwirizana nawo. Mkangano wanga uli pa mtundu wa galimotoyo, pa amene akupindula, ndi pa amene adzalipire ikadzafa.

Tiyambe ndi chifukwa chimene galimoto yotere imatsikira mtengo. BMW yatsopano ku South Africa imabwera ndi Motorplan, pangano lakuti kampani izikonza galimotoyo kwa zaka 5 kapena makilomita 100,000. Audi nayo ili ndi pangano lofanana. Mwini woyamba amasangalala nayo pa nthawi imene wina akumulipirira zokonzetsa. Panganolo likatha, iye amadziwa zimene zikubwera: turbo yotopa, giyabokosi yodzisintha yokha yofuna mmisiri wapadera, pampu ya madzi, mabuleki akuluakulu, matayala otakata amene amatha msanga. Ndiye amaigulitsa. Mtengo wa galimoto watsika, koma mtengo wa zipangizo zake sutsika ngakhale pang'ono. Mukugula pa mtengo wa munthu wamba chinthu chimene chidzafuna kusamalidwa ndi thumba la munthu wolemera. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komanso galimoto yothamanga siigulidwa ndi munthu wofuna kuyenda pang'onopang'ono. Makilomita 200,000 a Corolla yopita kuntchito ndi kutchalitchi si ofanana ndi makilomita 200,000 a GTI imene eni ake atatu kapena anayi akhala akuipondereza pa M1 usiku. Zina zinasinthidwa kompyuta ya injini kuti zizithamanga kuposa momwe anazipangira. Zina zinabwezedwa m'mbuyo nambala ya makilomita. Zina zinachita ngozi yaikulu n'kumangidwanso, ndipo m'mapepala zimalembedwa kuti Code 3. Wogulitsa amadziwa zonsezi, wogula sadziwa.

Tsopano tiwerenge ndalama. Kuyambira pa 1 Marichi 2025 malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi lamulo anali R28.79 pa ola, ndipo antchito a m'minda ndi a m'nyumba amalandira mlingo womwewo chifanizireni malipiro awo ndi a ena mu 2021 ndi 2022. Pa mlingo wa 2025 umenewo, wogwira maola 45 pa sabata ankapeza pafupifupi R5,600 pa mwezi, ngati bwana akutsatira lamulo. Titenge chitsanzo cha galimoto ya R120,000: ndiwo malipiro onse a miyezi 21, osadya, osalipira lendi, osatumiza kanthu kwa ana. Apo simunathire petulo wa 95 amene injini zotere zimafuna, simunalipire inshuwaransi. Dziwaninso kuti Road Accident Fund imathandiza anthu ovulala okha. Mukagunda galimoto ya munthu wina mulibe inshuwaransi, kukonzetsa kwake kudzatuluka m'thumba mwanu.

Choipa kwambiri ndi pamene wogulitsa ali bwana wanu. Amati akukuchitirani chifundo, koma taonani zimene wapeza. Wataya galimoto imene garaja ikanamupatsa ndalama zochepa. Wapeza wogula amene sangalimbe mtima kunena kuti "ndiitengere kaye kwa makaniko wanga." Ndipo wapeza wantchito amene sangachoke, sangapemphe kukwezedwa malipiro, sangapite ku CCMA, chifukwa ali ndi ngongole ndipo mapepala a galimoto akadali m'dzina la bwana. Makolo athu amene anagwira thangata m'maesiteti a ku Thyolo ndi ku Mulanje akanauzindikira msanga msampha uwu: ngongole yomangirira munthu pamalo. Malamulo a antchito a m'nyumba ndi a m'minda, Sectoral Determination 7 ndi 13, salola kuti bwana adule ndalama zoposa gawo limodzi mwa magawo khumi a malipiro anu pobweza ngongole imene anakupatsani. Amene akudula theka la malipiro anu chifukwa cha BMW yake yakale akuphwanya lamulo, kaya muli ndi mapepala okhalira m'dziko muno kaya mulibe.

Ena adzati: "Koma lamulo limateteza ogula." Limateteza ndithu, koma si onse. Consumer Protection Act ya 2008 imapatsa wogula miyezi 6 yobwezera katundu wopezeka ndi vuto, kuti akonzedwe, asinthidwe kapena ndalama zibwezedwe, ndipo madandaulo a galimoto amapita ku Motor Industry Ombudsman of South Africa. Koma chitetezo chimenechi chimagwira ntchito mukagula kwa munthu wochita bizinesi yogulitsa galimoto. Mukagula kwa munthu wamba, monga bwana wanu kapena wa pa Facebook, amatha kulemba mawu akuti voetstoots, kutanthauza kuti mwaitenga momwe ilili. N'chifukwa chake ogulitsa ena amadzibisa ngati anthu wamba. Ndipo popeza mabanki sakonda kukongoza mlendo wopanda chiphaso chokhazikika, ambiri amathera kwa mashonisa, katapila wa kuno, amene amalanda pasipoti ngati chikole, chinthu chimene National Credit Act ya 2005 imaletsa.

Enanso adzati: "Ndikaitengera kumudzi, ndikaigulitse mokwera." Funsani kaye amene anayesapo. Muyenera chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa, mudutse Beitbridge, Nyamapanda ndi Zobue, ndipo pa Mwanza a MRA akudikira ndi msonkho umene umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi ukalamba wa galimoto. Mukafika, galimoto yotsika pansi chonchija iyenda bwanji mumsewu wafumbi nthawi ya dzinja? Chipangizo chake chikafa, mudzachiitanitsa kuchokera ku Joni komwe kuno, ndi kwacha imene inatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Idzakhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira m'mipando yachikopa.

Ngati galimoto mukuifunadi, gulani imene makaniko aliyense wa ku Mayfair kapena ku Lilongwe angathe kuitsegula, yomwe zipangizo zake zili paliponse. Pitani ndi makaniko wosankha nokha. Onani buku la mbiri ya kukonzedwa kwake, yerekezani nambala ya VIN ya pagalimoto ndi ya m'mapepala, funani satifiketi ya roadworthy. Tengani Traffic Register Number kuti galimotoyo ilembedwe m'dzina lanu m'masiku 21 amene lamulo limapereka, osati m'dzina la mnzanu kapena la bwana. Wogulitsa akakana chimodzi mwa izi, wakuuzani kale zonse, chokanipo.

Ndipo kwa olemba ntchito amene amati amakonda antchito awo ngati abale: lipirani malipiro oyenera, alembetseni ku UIF, komanso ku Compensation Fund, imene Khoti la Malamulo Aakulu linagamula mu 2020 pa mlandu wa Mahlangu kuti iziteteza antchito a m'nyumba nawonso. Mukatero, wantchito adzasankha yekha galimoto yake, ndipo yanu yakaleyo mukagulitse kumsika pa mtengo wake weniweni.