KHOFI WA KU MAPIRI ATHU
Gawo Lachiwiri: Malo, Mbewu ndi Kakomedwe

M'mwezi wa February 2025 mtengo wogulira khofi wa Arabica pa msika wa ku New York udapitirira madola 4 pa paundi imodzi, chinthu chimene chinali chisanaonekepo. Chachikulu chimene chidachititsa zimenezi ndi chilala cha ku Brazil, dziko limene limakolola pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a khofi yense wa pa dziko lapansi. Kuno kwathu, kumene ndalama zakunja zakhala zikusowa ndipo fodya sakudalirika monga kale, ena ayamba kufunsa kuti: bwanji osangodzala khofi ponseponse? Funsoli nloyenera, koma mbiri yathu idaliyankha kale.

Khofi adafika ku mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1878, atabwera naye Jonathan Duncan kuchokera ku Edinburgh. Atsamunda adamdzala m'mapiri a Blantyre ndi Zomba, namnyadira mpaka kujambula tsinde lake pa chizindikiro cha boma lawo. Pofika 1900 anali kutumiza kunja matani pafupifupi 1,000. Koma pasanapite zaka zambiri zonse zidagwa. Brazil adadzaza msika, malonda adatsika, nthaka idaguga, tizilombo tidabuka, ndipo eni minda adatembenukira ku thonje, fodya ndi tiyi. Phunziro lake nlakuti pa kuchuluka kwa zokolola sitingapikisane ndi Brazil. Ife tingapambane pa kakomedwe basi, ndipo kakomedwe kamachokera ku malo ndi mtundu wa mbewu.

Arabica amafuna malo okwera, ozizira, a mvula yokwanira ndi nthaka yakuya yosasunga madzi. Nchifukwa chake alimi ang'onoang'ono a khofi amapezeka ku Misuku m'boma la Chitipa, kumene mapiri amafika mamita pafupifupi 2,000, ku Phoka ndi Viphya m'boma la Rumphi, ku mapiri a Nkhata Bay, ku Mzimba ndi ku Ntchisi. Kuzizira kumachedwetsa chipatso kupsa, motero njere imalimba ndi kusonkhanitsa shuga pang'onopang'ono. Khofi wotere amanunkhira ngati maluwa ndipo amawawasa mokoma ngati lalanje. Ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene amalimidwa m'maesiteti otsikirapo, kakomedwe kake kawirikawiri nkofatsa. Koma ku Chigwa cha Shire kapena m'mphepete mwa nyanja, munthu wodzala Arabica angotaya thukuta lake.

Tsono tione za mbewu. Mitundu iwiri yotchuka kwathu kuno ndi Geisha ndi Catimor. Geisha kwawo ndi ku nkhalango za ku Ethiopia. Amatalika, amachedwa kubereka, ndipo sabereka mochuluka, koma ku malo okwera amakoma kwambiri. Dzina limeneli lidamveka pa dziko lonse m'chaka cha 2004 pamene Geisha wa ku Panama adapambana mpikisano wa khofi m'dzikomo. Wathuyu si yemweyo ndendende, choncho dzina lokha silingatigulitsire. Ogula amayamba alawa. Catimor ndi mbewu ya makono, yokhala ndi magazi a Robusta pang'ono. Ndi wamfupi, amabereka msanga ndi mochuluka, ndipo amapirira matenda a dzimbiri la masamba. Vuto lake nlakuti amadya feteleza wambiri, ndipo akasowa chakudya amafooka atangobereka zaka zochepa. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, thumba la feteleza ndi katundu wolemera kwa mlimi wa kumudzi. Kotero mlimi wa pamwamba pa phiri amene azula Geisha chifukwa chofuna ndalama za msanga akutaya chuma chimene a ku chigwa sangachipeze. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Ngakhale malo ndi mbewu zikhale zabwino, khofi amaonongeka m'manja mwa munthu. Ayenera kuthyoledwa atapsa psuu, kusendedwa tsiku lomwelo, kuvundikidwa, kutsukidwa ndi madzi oyera, ndi kuyanikidwa pa thandala. Zipatso zochepa zosapsa zimatsitsa thumba lonse. Ntchito yotere siitheka mlimi ali yekha. Bungwe la boma la Smallholder Coffee Authority litalephera, m'chaka cha 1999 alimi adatenga udindowu, ndipo mu 2007 adakhazikitsa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union.

Palinso china chatsopano. M'chaka cha 2023 bungwe la European Union lidakhazikitsa lamulo lakuti khofi wolowa m'maiko ake asachokere pa malo amene nkhalango idadulidwa chitatha chaka cha 2020, ndiponso kuti munda uliwonse udziwike pamene uli pa mapu. Ngakhale tsiku loyamba kutsata lamuloli lidasunthidwa, ogula adzafunabe umboni. Kuyeza minda, kusunga kaundula ndi kulawa khofi mwaluso ndi ntchito zofuna anthu odziwa kulemba ndi kuwerengera. Apa ndi pamene achinyamata otsiriza sukulu, amene ambiri amathamangira ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kukafuna ntchito, angathandize makolo awo nadzithandizanso okha. Nawonso aphunzitsi a zaulimi m'maboma amenewa achite bwino kupita ndi ophunzira awo ku malo otsukirako khofi, akaone ndi maso zimene zili m'buku.

Sabata yamawa tidzaona ulendo wa ndalama kuchokera kwa wogula wa kunja kufika m'thumba la mlimi.