Pulofesa wophunzitsa ana kumutsutsa

Anthu ambiri kuno kwathu akamva kuti mwana wa uje ali ku yunivesite kuphunzira sayansi ya masewera olimbitsa thupi amangoseka. Amati digiri ya kuthamanga? Nanga si tidathamanga kale pokusa mbuzi kudambo, popanda pulofesa? Ine ndikuti abale anzanga, phunziro limeneli limakhudza moyo ndi imfa, ndipo phindu lake lagona pa kaphunzitsidwe kake. Ndipereka chitsanzo cha munthu mmodzi, Pulofesa Tim Noakes wa pa University of Cape Town ku South Africa.

A Noakes adabadwira ku Harare mu 1949 ndipo adaphunzira udotolo ku Cape Town. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 adayambitsa maphunziro a sayansi ya masewera pa yunivesitepo. Mu 1995, pamodzi ndi Morné du Plessis amene adakhalapo kaputeni wa timu ya rugby ya dzikolo, adatsegula Sports Science Institute of South Africa. Pamalo ngati amenewa wophunzira sangowerenga za kugunda kwa mtima. Amamuika munthu pa makina othamangirapo, kumuyeza mpweya umene akupuma, kumutenga magazi, n'kulemba manambala. Mphunzitsi wakeyo naye sadali wongokhala pampando, adathamanga mipikisano yaitali yoposa 70.

Koma chimene chikundichititsa kulemba si makinawo ayi. Ndi mfundo imene bamboyu adamangapo ntchito yake yonse, yakuti chiphunzitso chilichonse, ngakhale chichokere m'buku lalikulu bwanji, chiyenera kukwera pa sikelo. Inu a bizinesi mukuidziwa bwino mfundoyi. Ndani wa inu amalipira thumba la chimanga pongouzidwa kuti ndi makilogalamu 50, asanalikweze pa sikelo? Nanga bwanji mwana wa ku yunivesite azilandira mawu a pulofesa osawayeza?

Tamvani nkhani ya madzi. Kwa zaka zambiri othamanga ankauzidwa kuti azimwa madzi ambiri momwe angathere, ludzu lisanawagwire n'komwe. A Noakes nawo poyamba ankalangiza zomwezo. Mu 1981, pa mpikisano wa Comrades, umene anthu amathamanga makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, mayi wina adadwala kwambiri mpaka kukomoka. Poyeza magazi ake kuchipatala adapeza kuti mchere watsika kwambiri. Madzi m'thupi sadachepe ayi, adachuluka. Munthu akamwa madzi oposa amene thupi likutulutsa, mchere wa m'magazi umasukuluka, madziwo amalowerera m'ziwalo, ubongo n'kutupa. Ndiye m'chigaza mulibe malo otupira. Choopsa china nchakuti munthu wotereyu amamva mutu, amasanza, amasokonezeka, ndipo omuthandiza poganiza kuti ndi ludzu amamuwonjezera madzi omwe akumuphawo.

Pulofesa wina akadangoti ndi ngozi chabe, n'kupitiriza kuwerenga manotsi ake akale. A Noakes adasonkhanitsa umboni wa anthu anayi n'kuusindikiza mu 1985, kutsutsa zimene iwo eni ankaphunzitsa. Akuluakulu a zamasewera ku America sadawamvere msanga, moti mu 1996 adali akulangizabe kumwa kwambiri. Koma pa mpikisano wa Boston Marathon wa 2002 mayi wina wa zaka 28 adamwalira ndi vutoli, ndipo kafukufuku wa othamanga 488 a tsiku lomwelo adapeza kuti 13 mwa 100 alionse adali ndi mchere wotsika m'magazi. Mu 2003 bungwe la USA Track & Field lidasintha malangizo ake: imwa ludzu likakugwira. Ndipo kuyeza kwake nkosavuta. Kwera pa sikelo usanathamange, ukwerenso pomaliza. Ngati walemera, wamwa mopyola muyeso.

Taonani chimene mwana wophunzira pansi pa mphunzitsi wotere amatola. Amatola mfundo ya madzi, inde, koma amaonanso ndi maso ake kuti buku limatha kunama, ndi kuti manambala akatsutsana ndi buku, amene amagonja ndi buku.

Chimodzimodzi nkhani ya kutopa. Mabuku ankati munthu amaima kuthamanga chifukwa minofu yasowa mpweya basi. A Noakes adafunsa funso la mwana: ngati minofu yatheratu, nanga bwanji wothamanga amene amadzikoka ngati wodwala amawonjezera liwiro akaona pomalizira? Mphamvuzo zimachokera kuti? Iwo adati ubongo ndiwo umagwira mabuleki pofuna kuteteza thupi, ndipo umasiyako mphamvu zina zosungira. Akatswiri akukanganabe pa mfundoyi mpaka lero. Kwa ine mkanganowo ndiye sukulu yeniyeni, chifukwa ophunzira awo ena adapezera madigiri a udokotala poyeza mfundo yomweyi.

Tsono apa ndi pamene ndisiyane ndi anthu amene amawapembedza a Noakes. Mu 2010 bamboyu adatembenuka pa nkhani ya zakudya. M'buku lawo lotchuka la Lore of Running, limene lidatuluka koyamba mu 1985, ankalimbikitsa othamanga kudya kwambiri zakudya zokhutitsa monga buledi, mpunga ndi mbatata. Tsopano adayamba kunena kuti zimenezo ndizo zikudwalitsa anthu ambiri matenda a shuga, ndipo adauza owerenga kuti ang'ambe masamba a zakudya m'bukumo. Kung'amba buku lako lomwe kumafuna mtima, ndiwavulire chipewa. Koma kulimba mtima si umboni. Mu 2014 mapulofesa anzawo a pa yunivesite yomweyo adalemba kalata m'nyuzipepala ya Cape Times kudandaula kuti zonena zawo zathamanga kuposa umboni. Chaka chomwecho adayankha mayi wina pa Twitter za zakudya zosiyitsira mwana bere, ndipo nkhaniyo idawafikitsa pa bwalo la Health Professions Council of South Africa. Bwalolo lidawapeza osalakwa mu 2017, ndipo apilo ya mu 2018 idagwirizana nazo. Koma bwalolo linkaweruza khalidwe la dotolo, silidagamule kuti munthu aliyense asiye nsima n'kumadya nyama ndi mafuta.

Ena adzati, mwaona, n'chifukwa chake mwana ayenera kungoloweza zimene mabuku avomereza, kutsutsa kumabala chisokonezo. Ine ndikukana. Chisokonezo chimabwera anthu akasiya sikelo n'kutsata munthu. Amene adasiya kukhulupirira buku n'kuyamba kukhulupirira a Noakes pa chilichonse sadaphunzire kanthu, adangosintha tchalitchi. Wophunzira amene adamva bwino phunziro lawo ndi amene angaimike dzanja n'kunena kuti, bambo, pa madzi mudationetsa manambala, tionetseninso pa zakudya, ndipo kuchira kwa inu nokha sikukwanira. Mpeni umene mphunzitsi wanola uyenera kuchekanso zonena za mwini wake.

Ine ndidakhalako ku yunivesite zaka ziwiri ndisanasiye, ndipo ndikukumbukira aphunzitsi ena amene ankatiwerengera mapepala ofiira ndi ukalamba. Ukafunsa funso unkaoneka wamwano, mayeso akabwera umangobweza mawu awo momwe adakupatsira, ngati chenji. Pa maphunziro ena ulesi wotere umangobala anthu a mapepala. Pa sayansi ya thupi umabala maliro, chifukwa womaliza maphunzirowo ndi amene adzaime pambali pa bwalo ndi botolo la madzi m'manja, mwana wa eni ake atagwa. Kandimverere adanena za m'maluwa.

Nkhaniyi si ya kutali. Yunivesite ya MUST ku Thyolo ili ndi maphunziro a sayansi ya masewera. Tili ndi anyamata ndi atsikana amene amakwera ndi kutsika phiri pa mpikisano wa Porters Race ku Mulanje, tili ndi osewera mpira pa dzuwa la Okutobala, tili ndi a kabaza amene amapalasa njinga tsiku lonse atanyamula munthu ndi katundu wake. Matupi amenewa ndiwo labotale yathu. Makina odula tingawasowe, koma sikelo, wotchi ndi kope sizifuna thandizo la kunja. Munthu wa kabaza amataya thukuta lochuluka bwanji pa tsiku? Mtima wake umagunda kangati pa chitunda? Mwana wa chaka chachiwiri angathe kuyeza zimenezi ngati mphunzitsi wake amutulutsa m'kalasi.

Choncho kwa inu aphunzitsi ndikuti, musaope mwana wofunsa, opani kalasi yongogwedeza mitu. Kwa inu ophunzira, ulemu perekani, koma umboni funsani. Ndipo inu makolo a mumsika amene mukulipira fizi ndi ndalama za tomato ndi kaunjika, mwana akabwera ku holide musamufunse kuti waloweza masamba angati. Mufunseni kuti chaka chino wayeza chiyani, ndipo wapeza zotani.