Kukhala chete n'kumvetsera mpweya wanu: zimene kungachite ndi zimene sikungachite

Mu Disembala 2024 mayiko a m'bungwe la United Nations adagwirizana kuti pa 21 Disembala chaka chilichonse lizikhala tsiku lokumbukira kusinkhasinkha. Ngati muli ndi foni ya intaneti, mwina mudakumanapo kale ndi timakanema ta pa Facebook kapena TikTok tonena kuti mphindi khumi zokhala chete patsiku zimakulitsa ubongo ndi kuthetsa nkhawa zonse.

Tsikuli limagwa pa nyengo yowawa kwa mlimi wa kwa Kaphuka. Chimanga chikudikira feteleza wobereketsa, amene mtengo wake udauluka ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. M'nkhokwe mwayamba kuoneka pansi, fizi ya teremu ya Januwale ili pakhomo. Nyengo ngati imeneyi ife a kuchipatala timalandira anthu odandaula mutu, kusowa tulo ndi mtima kuthamanga. Tikayeza malungo mulibe, magazi akuyenda bwino, kenako mwini wake amaulula yekha kuti akuganiza kwambiri.

Kodi kukhala pansi n'kumvetsera kapumidwe kungathandize munthu wotere, kapena ndi masewera a anthu okhuta a m'tauni? Umboni umene ulipo ukusonyeza kuti kumathandiza ndithu, koma pamlingo wochepa kuposa umene otsatsa malonda amanena.

Njirayi n'chiyani

Pachingerezi amaitcha mindfulness. Ena amaganiza kuti cholinga chake n'kuchotsa maganizo onse m'mutu, koma palibe munthu wamoyo angathe zimenezo. Mumangoika chidwi pa chinthu chimodzi chimene chikuchitika panopa, monga mpweya umene ukulowa ndi kutuluka m'mphuno. Maganizo akathawira ku ngongole kapena ku mkangano wa dzulo, mumazindikira kuti athawa n'kuwabweza, osadzikalipira. Kubwezako ndiye phunzirolo.

Gwero lake ndi chipembedzo cha Chibuda ku Asia. Mu 1979 Jon Kabat-Zinn adaibweretsa m'chipatala cha sukulu ya University of Massachusetts ku America, nakonza maphunziro a masabata 8 othandiza odwala amene ululu sunkawatha. Maphunziro a kuchipatalawa alibe pemphero, alibe mawu obwereza ndipo saitana mzimu uliwonse. Wa CCAP, wa Katolika ndi Msilamu angathe kuyesa osasiya chikhulupiriro chake.

Zimene zimachitika mu ubongo

Mkati mwa ubongo muli tizigawo tiwiri tating'ono totchedwa amygdala, timene timagwira ntchito ya mlonda. Mukaona njoka panjira ya kudimba, mlondayu amaliza belu musanaganize n'komwe. Thupi limatulutsa michere ya adrenaline ndi cortisol, mtima umagunda msanga, mpweya umafupika, minofu imakungika kuti muthawe. Njoka ikapita, thupi limabwerera mwakale.

Vuto ndi lakuti mlondayu amalizanso belu lomwelo mukamaganizira ngongole ya banki m'khonde pakati pa usiku. Ngongole sithawa ngati njoka, choncho belu limalira usiku ndi usana. Zotsatira zake ndi tulo tosagwira, mutu, kupsa mtima msanga ndi ana, ndi kuiwala zinthu.

Gawo la ubongo la kuseri kwa mphumi ndi limene limayeza nkhani n'kuuza mlonda kuti akhazike mtima pansi. Mukamabweza chidwi pa mpweya mobwerezabwereza, mukulipatsa gawoli ntchito. Komanso kutulutsa mpweya pang'onopang'ono kumadzutsa mitsempha imene imachepetsa liwiro la mtima. Mu 2011 Judson Brewer ndi anzake a ku Yale adapeza kuti mwa anthu amene adazolowera kusinkhasinkha kwa zaka zambiri, zigawo za ubongo zimene zimatanganidwa maganizo akamayendayenda zimakhala zodekha.

Nanga zakuti ubongo umakula? Nkhaniyi idatchuka mu 2011 pamene akatswiri a pa chipatala cha Massachusetts General, kuphatikizapo Sara Lazar, adajambula ubongo wa anthu 16 ndi makina a MRI n'kunena kuti gawo lothandiza kukumbukira lidakhuthala pakutha pa masabata 8. Koma anthu 16 ndi ochepa kwambiri. Mu 2022 akatswiri a ku University of Wisconsin adabwereza kafukufukuyu mosamala pa anthu oposa 200, ndipo sadapeze kusintha kulikonse pa kapangidwe ka ubongo. Wina akakuuzani kuti mulipire kuti ubongo wa mwana wanu ukule, sungani ndalamayo.

Kumene umboni uli wolimba

Chofunika kwa inu si chithunzi cha ubongo koma ngati munthu akugona ndi kugwira ntchito. Mu 2014 akatswiri a ku Johns Hopkins adaunika pamodzi akafukufuku 47 okhudza anthu 3,515. Adapeza kuti njirayi imachepetsako nkhawa, kukhumudwa ndi ululu, koma siposa masewera olimbitsa thupi kapena mankhwala. Mu 2022 Elizabeth Hoge wa ku Georgetown adayerekeza maphunziro a masabata 8 ndi mankhwala a escitalopram pa akuluakulu 276 odwala nkhawa, ndipo magulu onse awiri adapeza bwino pafupifupi mofanana. Dziwani kuti ophunzirawo anali ndi mphunzitsi sabata iliyonse ndipo ankauzidwa kuyeserera mphindi 45 tsiku ndi tsiku. Sikunali kungoonera kakanema pa foni.

Umboni wapafupi ndi moyo wathu udachokera kumpoto kwa Uganda. Kumeneko bungwe la WHO lidayesa maphunziro otchedwa Self-Help Plus pa amayi 694 othawa nkhondo ku South Sudan. Ankakumana kasanu m'magulu, kumvetsera mawu ojambulidwa m'chilankhulo chawo ndi kuona buku la zithunzi, motsogozedwa ndi anthu wamba ophunzitsidwa masiku ochepa. Zotsatira zidatuluka mu 2020: patatha miyezi itatu, amayiwa anali ndi kupsinjika maganizo kocheperako poyerekeza ndi anzawo amene sadaphunzire. Umphawi wawo udali womwewo, koma adatha kuusenza bwinoko.

Makolo amve izinso. Ku Britain adaphunzitsa njirayi m'kalasi pa kafukufuku wa ana oposa 8,000 m'sukulu 84, ndipo mu 2022 adalengeza kuti sidapose maphunziro a nthawi zonse. Ana ambiri sankayeserera kunyumba. Mwana wokakamizidwa kukhala chete sapindula. Chimene chingamufikire msanga ndi kholo limene laphunzira kupuma kaye lisanakweze mawu kapena dzanja.

Mmene mungayesere

Sankhani nthawi imodzi patsiku, mwina m'mamawa musanatenge khasu kapena madzulo ana atagona. Khalani pamkeka kapena pampando, msana uli wowongoka. Maso mutha kutsinzina kapena kuyang'ana pansi. Mverani mpweya ukulowa, mverani ukutuluka, ndipo wotulukawo uzitenga nthawi yotalikirapo. Maganizo adzathawa, mwina kakhumi pa mphindi imodzi. Atchuleni dzina mumtima, kuti iyi ndi nkhawa ya fizi, kenako bwererani ku mpweya. Yambani ndi mphindi zisanu. Phindu lake limaoneka pakapita masabata, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mavolontiya mungayambe msonkhano wa gulu la amayi ndi mphindi zitatu zotere, kapena kuphunzitsa amene akudikira pamzere wa sikelo. Wosafuna asakakamizidwe.

Malire ake

Kusinkhasinkha sikugula feteleza. Munthu akadekha, vuto lake limafunikabe kulikambirana. N'chifukwa chake njira ya Friendship Bench, imene Dixon Chibanda adayambitsa ku Mbare mumzinda wa Harare mu 2006 ndipo idafikanso kuno ku Malawi, imagwiritsa ntchito agogo ndi anthu wamba ophunzitsidwa kumvetsera munthu n'kumuthandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo. Mukamaliza kupuma ndi mnzanu, mufunseni chimene chikumulemera ndi chimene angachite sabata ino.

Sikulowanso m'malo mwa mankhwala. Amene ali pa ma ARV, mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a khunyu kapena a matenda a maganizo asasiye. Mutu wobwera ndi kutentha thupi ukayezedwe malungo choyamba. Kwa ena amene adachitiridwa nkhanza kapena adaona zoopsa, kutsinzina ndi kukhala chete kumadzutsa zokumbukira zowawa. Zikatero asiye, atsegule maso, atchule zinthu zimene akuona pafupi, ndipo akaonane ndi a zaumoyo.

Pali zizindikiro zimene simuyenera kuziyesa ndi mpweya. Munthu wakhala masabata awiri kapena kuposerapo ali wachisoni, sakudya, sakugona, wasiya kupita kumunda ndi kucheza. Mayi wangobereka kumene koma akungolira ndipo sakufuna kuyamwitsa. Wina akumva mawu amene ena sakuwamva. Wina akunena kuti bola kufa, kapena wayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika. Munthu wotereyu musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi a tizilombo m'nyumbamo, ndipo mupite naye kuchipatala cha Kaphuka kapena china chapafupi tsiku lomwelo. Kumeneko angathe kumutumiza kuchipatala chachikulu cha boma la Dedza, ndipo ofunika thandizo lapadera amafika ku St John of God ku Lilongwe kapena ku Zomba Mental Hospital.

Kumufunsa munthu mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo, koma kumamutsegulira mpata wolankhula. Abambo ambiri sanena msanga, choncho alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya musamangofunsa amayi ndi ana mukafika pakhomo. Mufunseninso bambo mmene akugonera.