Chisipanishi tichiphunzire kudzera m'Chichewa

Sabata yoyamba m'kalasi ya Chisipanishi, aphunzitsi anatha theka la ola akufotokoza m'Chingerezi kusiyana kwa "tú" ndi "usted". Anzanga anadzaza masamba. Ine ndinangolemba mawu awiri: iwe ndi inu. Kuchokera tsikulo ndimaona kuti tikudzivuta pophunzira chiyankhulochi kudzera m'Chingerezi chokha.

Chisipanishi chili ndi malembo a liwu 5, a, e, i, o, u, monga Chichewa, ndipo mawu ambiri amatchulidwa momwe alembedwera. Mneni wake amasonyeza yekha mwininkhani: "hablo" ndi "ndimayankhula", "hablamos" ndi "timayankhula". Kwa Mngerezi izi n'zachilendo, pomwe ife tinayamwira.

Chichewa chimationetsanso pomwe tingapunthwe. Kwathu malembo a l ndi r sasintha tanthauzo la mawu, koma m'Chisipanishi "pelo" ndi tsitsi, "pero" ndi "koma", "perro" ndi galu. Buku lolembedwera ophunzira a ku London silingatichenjeze za l ndi r, chifukwa iwo amawasiyanitsa kale. Ine ndinataya malikisi pa mayeso oyankhula nditauza aphunzitsi kuti ndameta galu.

Ena amati mabuku omwe tili nawo ndi a m'Chingerezi. N'zoona, koma mabuku amalembedwa ndi anthu. Antonio de Nebrija anatulutsa galamala ya Chisipanishi mu 1492, nthawi yomwe ophunzira ankalemekeza Chilatini. Ifenso a maphunziro a ziyankhulo tingayambe ndi kabuku kochepa koyerekeza Chichewa ndi Chisipanishi. Aphunzitsi athu, tipatseni ntchito imeneyi chaka chino.