Midzi ya m'malire a Kasungu ili ndi mbiri, tiilembe

Mukachoka pa boma la Kasungu n'kulowera chakumpoto cha kumadzulo, kudera la Chulu kapena la Kaluluma, mumadutsa minda ya fodya, zigafa za udzu ndi mabalani a njerwa, ndipo dziko limakwera pang'onopang'ono mosaonekera. Simukumana ndi mtsinje waukulu kapena phompho. Mumangofika pa kamtunda pomwe madzi a mvula amagawikana: ena amatsikira kum'mawa kukalowa mu Dwangwa mpaka kunyanja, ena amalowera kumadzulo kukathera mu Luangwa. Kamtunda kameneko ndiye malire a Malawi ndi Zambia.

Adasankha kamtundaka ndi atsamunda a ku Britain mu 1891. Dziko la kum'mawa, lomwe mu 1907 lidatchedwa Nyasaland, adaliika m'manja mwa boma lawo, la kumadzulo n'kulisiyira kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company. Pamapu zidaoneka zosavuta. Koma pansi pano panali mbumba, minda, manda ndi madambwe a anthu amodzi. N'chifukwa chake mpaka lero kuli Mwase wa ku Kasungu ndi Mwase wa ku Lundazi, ndipo mu Ogasiti Achewa a mbali zonse amakakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mayiko awiriwa atalandira ufulu mu 1964, Malawi pa 6 Julaye ndi Zambia pa 24 Okutobala, malirewo adasiyidwa momwe adaliri.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti ana a m'midzi imeneyi amaphunzira mbiri ya dziko ngati kuti kwawo sikudachitikepo kanthu. Chikhalirecho Kasungu anali pa njira yaikulu ya malonda, yochokera kuchigwa cha Luangwa kupita kwa Jumbe ku Nkhotakota, ndipo munkadutsa minyanga ya njovu, nsalu, mfuti ndi akapolo. David Livingstone adafika kwa Mwase wa ku Kasungu mu 1863. Kumapeto kwa 1895 asilikali a atsamunda adathira nkhondo linga la Mwase, ndipo mfumuyo idasankha kudzipha kusiyana n'kugwidwa. Boma lomwe adamanga pamalopo adalitcha Fort Alston, dzina la msilikali wachizungu.

Kusamutsa kwakukulu kudabwera mu 1922. Chifukwa cha matenda a kaodzera, omwe amafala ndi kashembe, boma la atsamunda lidachotsa anthu m'chigawo cha kumadzulo n'kuchisandutsa nkhalango yotetezedwa. Mu 1930 idakhala malo osungirako nyama, ndipo mu 1970 idakhala Kasungu National Park, yokula masikweya kilomita oposa 2,300. Mlendo wopita ku Lifupa amaona tchire, mvuu ndi njovu, n'kumayesa kuti dzikolo lidali choncho chilengedwere. Ayi ndithu. M'tchire limenelo muli mabwinja. Muli ng'anjo zadothi momwe makolo ankasungunulira chitsulo cha makasu ndi nkhwangwa, muli zotsalira za malinga, muli zojambula pamiyala. Mudzi uliwonse womwe udachotsedwa udali ndi dzina, nyakwawa, chitsime chake ndi msitu wa manda ake. Zidzukulu za anthu amenewo zili kunja kwa mpanda wa pakiyo lero, zina kuno, zina ku Zambia.

Kenaka kudabwera fodya. M'zaka za m'ma 1970, malo ambiri a makolo adasandutsidwa maesiteti, ena a Press Farming ndi General Farming, ena a anthu omwe adali ndi mwayi pa nthawiyo. Lamulo silinkalola mlimi wamba kulima fodya wa bale pamunda pake mpaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, choncho ambiri adalowa utenanti, pamodzi ndi anzawo ochokera kumaboma akutali. Mudzi wa m'malire udapanikizika: uku paki, uku esiteti, uku dziko la eni.

Munthu akadziwa zimenezi amasiya kudabwa ndi moyo wa kumalire. Mayi amakagayitsa chimanga kutsidya chifukwa chigayo chapafupi chili komweko. Mkamwini amalima kwa apongozi ake ku Zambia, maliro a kwawo akamveka amakwera njinga n'kubwerera ku Malawi tsiku lomwelo. M'thumba mwa wogulitsa tomato mumapezeka makwacha a mitundu iwiri, ndipo foni imangogwira netiweki ya kutsidya mwini wake asanasunthe phazi. Maboma awiriwa atayamba kuikanso mabikoni, ena adapeza chipilala cha simenti chaima pakati pa munda, mizere ya chimanga ikupitirira mbali zonse ziwiri, khasu lake limodzimodzi.

Sindikuikira kumbuyo ozembetsa fodya. Belo lomwe lawoloka usiku m'malo mopita ku okushoni ya ku Chinkhoma limalanda dziko ndalama zakunja zomwe tikuzisowa, ndipo amene amalemera nazo kwambiri ndi mavenda, osati mlimi yemwe adasoka fodyayo. Koma n'kulakwa kuti anthu a m'malire azingotchulidwa pakakhala nkhani ya kuzembetsa kapena kupha nyama. Msewu wopita kwawo ukaduka m'dzinja, mtengo ukakhala wabwino kutsidya, ndiponso wogulayo akakhala msuweni wako, kunena kuti "malire ndi malire" sikukwanira.

Nkhani ya njovu yaonetsanso zomwezi. Mu 2022 njovu 263 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Njovu sidziwa bikoni. Minda yaonongeka ndipo anthu afa mbali zonse ziwiri za malire. Kuteteza nyama n'kofunika, ndipo paki imeneyi ndi chuma chathu. Koma wokakambirana ndi mudzi za mpanda ayenera kudziwa kuti akulankhula ndi anthu omwe agogo awo adasamutsidwapo kale m'dziko lomwelo, ndipo sadaiwale.

Ku Ulaya kuli malire omwe adavuta kuposa athu. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, malire a Germany ndi Poland adasunthidwa kufika pa mitsinje ya Oder ndi Neisse. Anthu mamiliyoni adasamutsidwa, midzi idasinthidwa maina, ndipo mzinda wa Görlitz udagawika pawiri, mbali inayo n'kutchedwa Zgorzelec. Mayiko awiriwa adatsimikiza malirewo pa pangano la mu 1990, ndipo kuyambira mu 2007 kuwoloka kudaphweka kwambiri. Chomwe ndimasirira kumeneko n'chakuti ngakhale kamudzi kakang'ono mumatha kupeza dzina lake lakale, mapu ake akale ndi mabuku a tchalitchi olemba obadwa ndi omwalira. Ife tilibe chidani chonga chawocho, chilankhulo ndi magule n'zimodzi, koma zolembedwa zathu n'zochepa kwambiri. Mbiri ya midzi yathu ili m'mitu ya nkhalamba, ndipo omwe adamva nkhani za kusamuka kwa mu 1922 kuchokera pakamwa pa makolo awo akutha.

Ntchito yolemba mbiriyi siifuna ndalama zambiri. Aphunzitsi a sukulu za kwa Chulu, ku Nkhamenya ndi madera ena a m'malire, tumani ana akafunse agogo awo: mudzi uno udachokera kuti, bwinja lake lili pati, dambo ili ndi la yani, abale athu a kutsidya ndi ati? Mafumu, lolani kuti ndondomeko ya maina a ufumu wanu ilembedwe m'kaundula, kope lina likasungidwe ku National Archives ku Zomba. Ndipo inu a nthambi yoona za mapaki, tengani akuluakulu a m'midzi yozungulira mulowe nawo m'nkhalangomo, akakulozereni mabwinja, mulembe maina ake pamapu a paki akadali moyo.